Tinapita awiri pa sitima ya pa Rhine, amayi anatsala

Ulendowu unali wa amayi. Ndi iwo amene ndinkawaganizira pamene ndinkalipira ndalama yoyamba mu Julayi 2024, ndipo ndi iwo amene sanakwere sitimayo. Ndiyambire pomwepo, chifukwa kwa ife oyenda ndi pasipoti ya Malawi ulendo wotere umatheka kapena kufa usanawaone n'komwe madziwo.

Ndimakhala ku Leicester, ndine namwino. Amayi ankabwera mu Seputembala kuchokera ku Dedza kudzationa pa viza ya alendo. Mawondo awo anatha, sangathe ulendo wa lero hotela iyi mawa ina, kukoka zikwama m'masiteshoni. Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandiuza za sitima zoyenda pa mtsinje wa Rhine nthawi ya misika ya Khirisimasi. Ukalowa m'chipinda chako umamasula katundu kamodzi kokha, usiku uli mtulo sitima ikuyenda, kukacha wafika mumzinda wina. Ndinati basi, izi ndiye za amayi. Ine ndi achemwali anga a ku Manchester tinasonkherana n'kusungitsa malo a anthu atatu, kuchoka ku Amsterdam kukathera ku Basel, kugona m'sitima masiku 7.

Safunsa anadya phula. Viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo onse a ulendowu, munthu amaipempha m'dziko limene amakhala mokhazikika. Ine ndi achemwali tili ndi chilolezo chokhala ku UK, choncho tinali ndi ufulu wopempha konkuno. Amayi anali mlendo chabe, ankayenera kuipempha ali ku Malawi asananyamuke. Tinazidziwa mu Okutobala, amayi atafika kale. Chikole cha malo awo sichinabwezedwe, ndipo sindingadandaulire aliyense poti zinalembedwa poyera pa pepala limene ndinavomereza. Ndinalira usiku umenewo. Amayi anandipeza kukhitchini n'kunena kuti, "Pitani ndithu ana anga, musataye ndalama kawiri. Koma kutchalitchi kwa anzeru a kum'mawa umanena kuja, ukandiyatsireko kandulo."

Tsono ngati mukufuna kutenga kholo kapena mbale wochokera kumudzi, mapepala ake a Schengen athe asanakwere ndege yobwera kwa inu. Kwa inu okhala kuno, zimene anatifunsa ndi izi. Viza imapemphedwa kwa kazembe wa dziko limene mukakhale masiku ambiri, osati kumene mukatere. Ife tinkatera ku Netherlands n'kudzanyamukira ku Basel, koma masiku ambiri anali a ku Germany, ndiye tinapempha ya Germany. Tinalipira mayuro 90 aliyense, kuwonjezera ndalama ya ofesi yolandira mapepala. Anafuna inshuwalansi ya kuchipatala yosachepera mayuro 30,000, kalata ya kuntchito, mapepala a kubanki, kalata ya kampani ya sitima yoonetsa madoko onse ndi mayina athu, komanso pasipoti yokhala ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lotuluka ku Ulaya. Amalola kupempha kutatsala miyezi 6. Chimene chinatisautsa kwambiri ndi kupeza tsiku lokapereka mapepala ndi kudinda zala, chifukwa chakumapeto kwa chaka aliyense akulimbirana masiku omwewo. Yambani mu Ogasiti, ndipo musamalize kulipira sitima viza isanatuluke ngati kampaniyo ikulola.

Mtengo ndi wowawa, ndisakunamizeni. Aliyense analipira pafupifupi mapaundi 1,900 pamodzi ndi ndege, chakudya katatu pa tsiku ndi ulendo umodzi woperekezedwa pa doko lililonse. Tinatenga chipinda chotchipa cha pansi penipeni, chokhala ndi kazenera kosatsegula kamene kali chapamwamba, pafupi ndi pamene pamalekezera madzi. Sindinanong'oneze bondo. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti folo, kunja kukuzizira, khonde lolipira ndalama zambiri lija palibe amene ndinamuona atakhalapo. Komanso pa madoko ena sitima amazimangirira ziwiri kapena zitatu mophatikizana, moti wa zenera lalikulu akatsegula katani amaona chipinda cha sitima inayo. Chenjezo ndi limodzi: pa sitima yathu chikepe chokweza ndi kutsitsa anthu sichinkafika ku zipinda za pansizo kapena padenga. Amayi akanabwera, masitepe amenewo akanawazunza. Wa mawondo ovuta afunse za chikepe asanasankhe chipinda.

Achemwali ankaopa chizungulire. Anakwerapo Ilala kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Likoma nthawi ya mwera, ndipo mpaka lero akaikumbuka amagwira pamimba. Anatenga mapilitsi paketi yonse, sanamweko ngakhale limodzi. Pamtsinje palibe mafunde. Tiyi m'kapu amakhala phee, ndipo usiku woyamba tinadziwa kuti tanyamuka poona magetsi akudutsa pa kazenera. Sitimayo inali yaitali mamita 135 koma yopapatiza, mamita osakwana 12, ndi yaifupi msinkhu kuti izikwana kunsi kwa milatho. Okwera ambiri anali achikulire a ku Britain ndi America. Akuda tinali awiri tokha, ndipo tsiku loyamba maso anatichulukira, koma sipanakhale wotinyoza. Pa tebulo tinazolowerana ndi banja lina la ku Scotland limene mpingo wawo uli pa ubale ndi mpingo wina wa ku Blantyre. Atamva kuti ndife a ku Malawi, agogo aamunawo anati "Muli bwanji" mokoka, achemwali n'kuwomba m'manja. Nsima kulibe, mukudziwa kale. Kabotolo ka Nali kamene achemwali anaika m'chikwama kanatha tsiku lachisanu.

Za Amsterdam ndilibe zambiri. Kuli magetsi okongola m'ngalande zake nyengo imeneyi, koma misika yeniyeni imayambira ku Germany.

Ku Cologne tinafika m'mawa kuli nkhungu ndi kamvula kowaza, chiperoni chenicheni. Amene akuyembekeza chipale chofewa ngati cha pa makhadi a Khirisimasi adziwiretu kuti chigwa cha Rhine si chozizira choncho. Sabata yonse sitinachione m'mizinda. Chimene chilipo ndi chisanu chonyowa cha madigiri 2 mpaka 6, ndipo chimalowera kumapazi. Ku Leicester timathawa chisanu, kuchoka m'nyumba kulowa m'basi, kuchoka m'basi kulowa kuntchito. Kumsika umaima panja maola anayi pa miyala yozizira. Achemwali anavala nsapato zokongola za pansi popyapyala, ndipo pofika masana sankamvanso zala zawo. Ku Koblenz tinayamba ndi kufunafuna masokosi a ubweya. Tengani nsapato za pansi pochindikala zosalowa madzi, zovala zam'kati zotentha, magolovesi, chipewa chofika m'makutu, ndi Vaseline wa milomo ndi manja. Jekete lokha silikwanira.

Tisanalowe msika tinayamba ndi uthenga wa amayi. Tchalitchi chachikulu cha Cologne chili pafupi ndi mtsinje, nsanja zake ziwiri zotalika mamita 157 zinali zitamira m'nkhungu. Anayamba kuchimanga mu 1248, ntchito inaima kwa zaka mazana, anadzamaliza mu 1880. Chifukwa chochimangira chili kuseri kwa guwa lalikulu: bokosi lonyezimira ndi golide limene Akatolika amakhulupirira kuti muli mafupa a anzeru a kum'mawa, amene anawabweretsa kuchokera ku Milan mu 1164. N'chifukwa chake chizindikiro cha mzindawo chili ndi zisoti zachifumu zitatu. Amayi ndi Mkatolika wa ku Bembeke, nkhani ya anzeruwa amaiphunzitsa ana a Tilitonse kuyambira ine ndili wamng'ono. Ndinaponya ndalama m'kabokosi, kuyatsa kandulo, n'kugwada. Achemwali anandigwira paphewa, onse awiri misozi ili chuchuchu. Pali masitepe 533 okwera pa nsanja, ife sitinayese.

Msika uli panja pomwepo, timanyumba tamatabwa tofolera zofiira, pakati mtengo waukulu, pamwamba ukonde wa magetsi. Fungo ndi limene limayamba kukugwira: soseji wowotcha, shuga wopserera, sinamoni. Mumzindamu muli misika ingapo yoyenda wapansi, ndipo wokoma kwambiri kwa ine unali wa ku Alter Markt ndi Heumarkt, kumene amisiri amasema ndi kusula zinthu anthu akuonerera.

Pali zinthu zimene wotiperekeza anazitchula mothamanga ndipo tinaziphunzira ndi thumba lathu. Chakumwa chotentha chimene aliyense wanyamula, Glühwein, ndi vinyo wofiira wotenthetsa ndi zonunkhiritsa. Ndi mowa, ngakhale amanunkhira ngati tiyi wa mandimu. Ife sitimwa, ndiye mawu amene anatithandiza ndi Kinderpunsch, madzi a zipatso otentha opanda mowa. Mukamva akufunsa kuti "mit Schuss", akutanthauza kuthiramo mowa wina waukali. Polipira, mtengo umakhala woposa wolembedwa pa bolodi chifukwa amawonjezera chikole cha kapu, chimene amachitcha Pfand, mayuro atatu kapena anayi. Ukabweza kapu amakubwezera ndalama, ukaikonda umapita nayo. Achemwali anayamba kukangana ndi mtsikana wogulitsa poganiza kuti watibera, mpaka mayi wina pambali pathu anatifotokozera. Misika yambiri ili ndi makapu akeake olembedwa dzina la mzinda, ena ndi chaka chomwe. Ya ku Cologne ndinaisunga.

Kunenerera kulibe. Si ku Lizulu kumene umati "tsitsaniko mayi" ndipo amakuikira basera. Mtengo wolembedwa ndi womwewo. Ogulitsa ambiri amafunabe ndalama zapamanja, choncho khalani ndi mayuro a mapepala ang'onoang'ono ndi makobidi, poti ngakhale kuchimbudzi amalipiritsa masenti 50 kapena yuro imodzi. Chikwama chikhale kutsogolo kunsi kwa jekete, madzulo anthu amathithikana. Pa zakudya, chimene chinandifikitsa kwathu ndi Reibekuchen, mbatata ya kachewere yopala yokazinga m'mafuta ambiri ngati zitumbuwa zaphanthiphanthi, amadyera ndi phala la maapozi. Timadya titaima, mafuta akuyenderera m'zala, ngati pa chiwaya. Ndinakondanso maalimondi okazinga ndi shuga, amene amakoma ngati mtedza wa shuga wa kusukulu. Musadye kwambiri nkhomaliro ya m'sitima ngati masana mukupita kumsika. Masiku awiri oyamba tinkafika titakhuta n'kumangoyang'ana.

Tsiku limene ndimalikumbuka kuposa onse silinali la msika ayi. Kuchoka ku Koblenz, pamene mtsinje wa Moselle umathira mu Rhine, sitima imalowa m'chigwa chopanikizika cha makilomita 65 mpaka ku Bingen ndi Rüdesheim, chimene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inachiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2002. Mapiri mbali zonse, minda ya mpesa yopanda masamba itakwera m'zitunda zotsetsereka moti umadabwa kuti amalima bwanji, ndipo pafupifupi pa phiri lililonse pali linga lakale la mafumu, onse pamodzi pafupifupi 40. Ambiri anaonerera ali m'chipinda chochezera chofunda. Ine ndinakwera padenga ndi bulangete limene antchito ankagawa, ndipo ndinakhala maola awiri mpaka nkhope inauma gwa. Kunali zii, kungomveka madzi ndi sitima zapamtunda zodutsa m'mbali zonse ziwiri za mtsinje. M'mphepete muli zikwangwani zoyera za manambala akuluakulu a makilomita, ndipo pa 555 pali thanthwe la Loreley pamene mtsinje umapanikizika n'kukhota, malo amene kale ankamiza mabwato ambiri, mpaka anthu anapeka nthano ya mtsikana woimba pathanthwepo wosokoneza oyendetsa ngalawa. Chapatsogolo pang'ono, pa Kaub, pali kalinga koyera pakati penipeni pa madzi kooneka ngati sitima yamiyala, Pfalzgrafenstein. Anakamanga m'zaka za m'ma 1300 kuti azilipiritsa msonkho bwato lililonse lodutsa, ngati tolgeti ya pa Chingeni koma ya pamadzi. Pamenepo ndi pomwe ndinawasowa amayi kwambiri. Sipankafunika kuyenda ngakhale phazi limodzi, dziko linkabwera lokha kudzadutsa pamaso pako.

Pa Kaub pomwepo ndi pamene amayezera kuya kwa madzi, ndipo izi zikukhudza ndalama zanu. Madzi akachepa kwambiri, monga zinachitikira mu 2018 ndi 2022, sitima zimalephera kudutsa pamenepo. Akachuluka, zimene zimakonda kuchitika m'nyengo yozizira mvula ikagwa motsatizana, sizikwana kunsi kwa milatho kapena aboma amatseka mbali ina ya mtsinje. Zikatero amakukwezani mabasi kapena kukusamutsirani m'sitima ina ya kutsidya. Ife tinadutsa bwino, koma woyang'anira ulendo anatiuziratu usiku woyamba kuti mtsinje ndiwo umalamula. Werengani zimene kampani imalonjeza zikatero musanalipire.

Rüdesheim ndi katauni kakang'ono, msika wake uli ndi ogulitsa ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo kanjira kotchuka ka Drosselgasse n'kopapatiza moti madzulo umayenda mokankhana. Khofi wa kumeneko amamuthira burande n'kumuyatsa moto pamaso pako, ndiye osamwa mowa angoonerera. Speyer anandikomera kuposa, mwina chifukwa ndinali nditatopa ndi chinamtindi cha anthu. Msewu umodzi wotakata wolunjika ku tchalitchi chakale chimene anayamba kumanga cha m'ma 1030, mmene munaikidwa mafumu, ndipo kumsikako kunali anthu a komweko atatenga ana awo, osati alendo okhaokha.

Kumtunda kwa mtsinje, kuyambira pa Iffezheim mpaka kufupi ndi Basel, kuli zipata za madzi 10. Sitima imalowa m'chimpanda cha simenti, chitseko chimatsekeka kumbuyo, madzi amadzaza n'kuikweza mamita angapo, kenako chitseko cha kutsogolo chimatseguka. Zambiri tinazidutsa usiku. M'chipinda chathu cha pansi tinkamva kugunda ndi kukhuluzika kwa khoma, ndipo achemwali anadzuka n'kuyamba kupemphera. Wa tulo topepuka atenge zotseka m'makutu.

Ku Strasbourg sitima inaima kutsidya la Germany, pa Kehl, ndipo tinawoloka mlatho kulowa France. Nyamulani pasipoti tsiku limenelo, musaisiye m'chipinda. Germany inayamba kufufuza anthu m'malire ake onse apamtunda mu Seputembala 2024, ndipo pobwerera apolisi akhoza kukufunsani mapepala. Msika wa ku Strasbourg unayamba mu 1570, ndi umodzi mwa akale kwambiri ku Ulaya, ndipo mzinda wonse umavala Khirisimasi, mazenera, makonde, ngakhale zitseko za mashopu. Pa bwalo la Place Kléber pali mtengo weniweni wotalika pafupifupi mamita 30. Polowa pakati pa mzinda alonda amasegula zikwama, asilikali amfuti akuyendayenda. Izi zinakhwima kuchokera pa 11 Disembala 2018, pamene munthu wina anaombera anthu pafupi ndi msikawo n'kupha asanu. Musatenge chikwama chachikulu. M'tchalitchi chachikulu muli wotchi yakale imene nthawi ikakwana hafu pasiti 12 tizidole ta atumwi 12 timadutsa pamaso pa Yesu, tambala n'kulira katatu. Pamafunika tikiti ndi kufika msanga. Ndinajambula vidiyo yonse kuti amayi adzaone. Tinagulanso timabisiketi ta kumeneko totchedwa bredele, timene amagulitsa poyeza pa sikelo.

Ndinene chilungamo, pofika msika wachisanu zinthu zimayamba kufanana. Makandulo omwewo, nyenyezi za mapepala zomwezo, ndipo zina n'zopangidwa kufakitale zimene mungazipeze ku Birmingham. Ndalama zanu sungirani amisiri amene mukuwaona akugwira ntchito ndi manja awo. Tsiku limene sitima inaima pa doko la Breisach anzathu anapita ku Colmar, tauni ya ku France, ine ndinatsala m'sitima n'kugona, ndipo ndikuona kuti ndinachita bwino. Simukakamizidwa kutsika pa doko lililonse. Kwa okalamba, funsani gulu la oyenda pang'onopang'ono, pa sitima yathu linalipo tsiku lililonse. Misewu yambiri ndi yoyalidwa miyala yoterera ikanyowa, ndipo sitima zikaphatikizana umadutsira m'sitima ina pa masitepe oimirira kuti ufike kumtunda. Onaninso masiku bwino: misika yambiri ya ku Germany imatseka pa 23 Disembala, choncho ulendo wa sabata ya Khirisimasi yeniyeniyo ukhoza kukupezetsani timanyumba totseka. Loweruka ndi Lamlungu madzulo ndi pamene anthu amachuluka kwambiri.

Basel ali ku Switzerland, viza ndi yomweyo koma ndalama ndi ma franc, ndipo chilichonse n'chodula. Tinangozungulira pa bwalo la Münsterplatz, kumwa chokoleti chotentha, n'kupita ku bwalo la ndege, limene lili m'dziko la France ngakhale limatumikira Basel. Amene mukufuna kugula soseji kapena tchizi zobwera nazo kuno mufufuze kaye malamulo, chifukwa mu Epulo 2025 boma la UK linaletsa apaulendo kulowetsa nyama ndi zamkaka zochokera ku European Union.

Patangotha sabata tibwerere, tinamva za munthu amene anawomba anthu ndi galimoto pa msika wa Khirisimasi wa ku Magdeburg ku Germany, pa 20 Disembala 2024. Amayi anazimitsa wailesi yakanema n'kutiuza kuti tigwade, tipempherere mabanja a anthu amenewo.

Vidiyo ya wotchi ija anaionera mwina kakhumi, ndipo ulendo uliwonse tambala akalira ankagwira pakamwa. Anandifunsa ngati kandulo yawo ndinaiika pafupi ndi bokosi la anzeru aja, ndinawauza pamene ndinaiika. Kapu ya ku Cologne anapita nayo ku Dedza mu Febuluwale, ataikulunga m'chitenje pakati pa zovala. Mchimwene wanga akuti ndi imene amamwera tiyi m'mawa uliwonse ndipo salola mdzukulu kuikhudza. Pasipoti yawo ili kale ku Lilongwe kwa mchimweneyo, pamodzi ndi kalata yanga yowaitana ndi mapepala a inshuwalansi. Ulendo uno ndasungitsa chipinda cha pakati, pafupi ndi chikepe.